Chingwe cha Che Majidi ndi Mashoko a Landirova Yathu

Abale inu, ndiyambire pati? Ndang'amba kale mapepala atatu m'kope langa la Jogalafe, chifukwa ndikangolemba mizere iwiri ndikumayamba kuseka, kenako misozi. Ndine Petronela, zaka 17, Folomu 2, ndimakhala ku Ndirande kwa Goliyo. Nkhaniyi ndi ya galimoto, koma atsikana anzanga musathawe, muli mnyamata momwemo, kikiki. Mulinso bambo wina wosamba. Koma makamaka muli munthu wabwino amene dzina lake linaipa pa Chinseu ponse chaka chino cha 1986, pa chinthu chimene sanachite.

1

Adadi anga, a Ambrosi, ali ndi Landirova yakalekale yogula pa okushoni. Yobiriwira, chitseko chakumbuyo chomanga ndi waya. Amapita nayo ku Neno kukapikula mbatatesi n'kudzagulitsa kwa azimayi a mumsika. Vuto linali lakuti ikadzadza imakhala pansi ngati nkhuku yofungatira, ndiye m'misewu ya kumeneko mimba yake imangokhula pa miyala, khwee khwee.

Tsiku lina anangoti, "Majidi, ndikwezere galimotoyi. Ndatopa kutsitsa matumba pa mtsinje uliwonse."

Che Majidi ndi makaniko wa pa Chinseu konkuno ku Ndirande, galaja yawo ili pansi pa mtengo wa mango. Anadziwana ndi adadi ali anyamata, akusenza katundu pa sitesheni ya sitima ku Limbe. Tsiku limene ndinabadwa adadi anali ku ulendo, amene anathamangira ndi amayi kuchipatala ndi iwowa. Ine ndimangoti ankolo.

Anaikwezadi. Anawonjezera zitsulo za masipuling'i zochotsa ku lole yakufa, n'kusula tizitsulo tatitali tokolekera masipuling'iwo. Itatuluka pa galaja, eee, inali ngati yavala gogoda! Amayi pokwera ankayamba aponda pa njerwa, chitenje atachigwira ndi mano.

Koma Che Majidi anali asanamalize. Ndinalipo, ndinawapititsira adadi tiyi m'botolo.

"Ambrosi, mvera. Mashoko akumbuyowa afupika tsopano. Tayala likagwera m'dzenje, shoko imayenera kutambasuka n'kulitsatira. Ikakhala yaifupi imakoka pomwe yamangidwapo mpaka kuzula. Ugule aatali."

"Aatali? Ndafunsa kale m'sitolo ku Limbe. Mtengo wake ungagule mbuzi zitatu. Ine ndili ndi chinkhoswe cha mwana wanga Helena Loweruka, iwe."

"Ndani wanena za m'sitolo? Pita mumsika, akale abwino alipo. Uikanikize ndi manja. Ikangolowa fwe ngati m'phala, yafa. Ikakhala yonyowa mafuta, yafa. Ikakhala ndi penti watsopano, funsa akubisa chiyani. Koma chachikulu, usagule ndi maso. Ugule ndi chingwe."

Anaikweza galimoto ndi jeke yawo yofiira mpaka tayala linalendewera, analowa pansi ndi chingwe, anayeza kuchokera pa bowo lam'mwamba kufika pa lapansi, n'kumanga mfundo.

"Ukaikoka shoko mpaka mapeto, ifike pa mfundo apa. Ikapitirirako pang'ono, palibe kanthu. Ikaperewera, isiye, ngakhale akupatse ulere."

Mawa lake kunabwera uthenga woti achimwene awo amwalira ku Ntaja. Anatseka bokosi la masipanala n'kunyamuka.

2

Lachinayi adadi anali pikitipikiti ndi za chinkhoswe, ndiye anandipatsa chingwe chija.

"Iwe ndiwe wa sukulu, sangakupusitse. Wamva zonse zimene ananena ankolo ako?"

"Ndamva, adadi."

Mtima unali phaphapha ndi chimwemwe, koma osati chifukwa cha mashoko ayi. Mumsika, kumene amagulitsa zitsulo zakale kuja, kuli Rafaeli. Anzake onse ndi akuda ndi girisi, iye shati yoyera mbee, chipeso chofiira m'thumba lakumbuyo, kampata m'mano. Ndikamadutsa ankati, "Sisi Peto wa Folomu Thuu, lero tiphunzitseniko Chingelezi." Ine n'kumayenda ngati miyendo si yanga. Kikiki, ndinali chitsiru, ndikudziwa.

Ndinasita diresi langa la kutchalitchi, ndinatenga khadi la chipani kuopa a yufi, anyamata a chipani aja, pa geti la msika, ndinapita. Ndinabwerako ndi mashoko awiri akuda, onyezimira ngati nsapato za wapolisi. Zimene zinachitika pa benchi ya Rafaeli ndikuuzani, dikirani pang'ono. Sindinakonzeke.

Adadi anakoka shoko imodzi, anaika chingwe. Ndendende pa mfundo.

"Mwana wanga ameneyu! Amake Helena, bwerani mudzaone, mwanayu adzakhala injiniya."

Lachisanu anati aike okha, poti Che Majidi anali adakali ku maliro. Kum'mwamba bawuti inalowa bwinobwino. Kumunsi, osafika. Anakoka, anatukwana, osafika.

"Ndi kuuma kwa zatsopano uku. Majidi anayeza yekha. Amake Helena, takwerani kumbuyoko galimoto itsikeko!"

Amayi anakwera. Osafika. Anaitana amake Marko oyandikana nafe, amene ndi mayi wathupi ndithu, pamodzi ndi alendo athu awiri.

"Tadumphani pang'ono!"

"A Ambrosi, ine ndi msinkhu wangawu ndizidumpha m'galimoto ngati chule?"

"Kamodzi kokha, mayi!"

Anadumpha onse anayi, galimoto inati nyekete, bawuti inalowa. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinali pa mpopi, mbale imodzi ndinaitsuka katatu.

3

Chinkhoswe cha achemwali anga a Helena chinali kwa amalume ku Machinjiri, ndipo achemwaliwo anali atatsogola kale. Ife tinanyamuka Loweruka cha m'ma 9 m'mawa. Adadi pa chiwongolero, amayi pambali pawo, kumbuyo ine, azakhali a Janet, amake Marko, dengu la nkhuku ndi ndowa ziwiri za thobwa.

Titatsala pang'ono kufika pali chitunda, ndipo madzi a mvula anali atakumba ngalande yodutsa pakati pa msewu. Adadi anatembenuka monyada.

"Muone tsopano ntchito ya galimoto yokwera."

Matayala akutsogolo anadutsa. Lakumbuyo lakumanzere litangogwera, tinangomva gwaa! ngati mfuti. Chitsulo chogwira shoko chinazuka ku chesesi, msana wa galimoto uja, ndipo pozuka chinakokera limodzi paipi ya buleki. Izi ndinazidziwa pambuyo pake. Pa nthawiyo ndinangoona injini yazima, adadi akuponda pansi mobwerezabwereza, galimoto ikubwerera chafutambuyo.

"Mabuleki palibe! Gwirani!"

"Mariya Woyera!" azakhali anakuwa. Nkhuku nazo kweee.

Tinachoka mumsewu, tinadutsa m'kamunda ka chimanga, phwatha phwatha, kenako tinagunda bafa la udzu. Abale inu, munali munthu! Bambo wamkulu ndithu wadazi, sopo thupi lonse, anatuluka liwiro atadziphimba ndi beseni kutsogolo, kuiwala kuti ife tikumuonera kumbuyo. Pepani bambo ngati mukuwerenga, ndikulemba izi ndikugwira nthiti.

Galimoto inakaima pa chulu. Thobwa lonse linathera pa azakhali, kuyambira duku mpaka nsapato. Ine ndinayamba kuseka, kuseka kosaletseka kuja. Kenako ndinamva amayi akubuula motsitsa. Mkono wawo unali utapindika pamalo posayenera kupindika.

Kuseka kunathera pomwepo.

Amayi anawatengera kuchipatala pa galimoto ya munthu wina. Ife tinafika pa chinkhoswe wapansi, mochedwa, tikununkha thobwa, akuchimuna atayamba kale kuimba nyimbo zotinyogodola. Achemwali anavekedwa mphete amayi awo palibe. Analira tsiku lonse, anthu n'kumayesa ndi chimwemwe.

4

Lolemba Che Majidi anabwerako ku maliro n'kupeza Landirova itakokeredwa kale pansi pa mango wawo. Adadi ananditenga ngati mboni. Inali nthawi ya masana, pa Chinseu podzadza, madalaivala a matola akudya chimanga chootcha pa benchi.

"Ambrosi, ndamva. Alamu ali bwanji?"

"Usandifunse za mkazi wanga. Bwera kuno."

Adadi anaikweza galimoto ndi jeke ya eni ake omwewo, analowa pansi ndi malaya awo abwino, anatambasula chingwe. Mfundo inaperewera pa bowo ndi zala zinayi.

"Anthuni, bwerani muone! Chingwe ichi anayeza ndani? Mwana wanga wagula ndendende zimene anamuuza. Mkazi wanga ali mu pulasitala. Tikanafa tonse! Makaniko wanji wolephera kuyeza ndi chingwe, chinthu choti ngakhale telala wa pakhonde amatha?"

Anthu anaunjikana. Che Majidi analandira chingwe chija, anachiyendetsa m'zala pang'onopang'ono. Anaima penapake. Anayang'ana mfundo. Kenako anandiyang'ana ine, kamphindi kochepa chabe. Ndinaona ngati dothi la pa Chinseu likusuntha.

"Mwina maso akutha, Ambrosi," anatero. "Mutu unalinso pa matenda a achimwene. Pepa."

"Pepa sapoletsa chilonda! Usadzakhudzenso galimoto yanga!"

Dalaivala wina amene pikapu yake inali pa mzere anadzuka mwakachetechete, anailiza n'kuchoka. Mawa lake wina. Ku Ndirande nkhani siikwera basi koma imafika msanga. Pofika Lamlungu, ku tchalitchi anthu ankati Majidi anaika mashoko a njinga yamoto. Ena ankati analedzera, munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire. Milungu itatu pansi pa mango paja panalibe galimoto ngakhale imodzi, nkhuku zokha.

Akazi awo, Abiti Abasi, anayamba kugulitsa mandasi m'mbali mwa msewu. Ndinkazungulira njira ya kumtsinje kuti ndisawaone, koma tsiku lina anandipeza.

"Peto mwanangu, ukutithawa? Za akuluakulu zisakukhudze iwe. Mkono wa amayi uli bwanji? Tenga awa ukawapatse."

Anandikulungira mandasi anayi. Ndinakawadyera kuseri kwa nyumba ndekha, ndikulira, chifukwa ndikanati achokera kuti? Onani, ngakhale mandasi a wodwala ndinadya. Mundidziwe bwino.

5

Chabwino. Benchi ija.

Lachinayi lija Rafaeli anatulutsa mashoko onse amene anali nawo. Tinayeza imodzi imodzi. Onse ankaperewera, abwino kwambiri ndi zala zinayi. Aatali analipo, ndinawaona ndi maso angawa, pa benchi ya mdala wina, a Yakobe, kumapeto kwa mzere. Adzimbiri kunja, osaoneka bwino, koma aatali.

"Ndiye mukupita kwa mdala uja eti?" Rafaeli anatero, akundiyang'ana cham'mbali. "Ine ndimayesa ndinu wanga, Sisi Peto. Ndimati ndikagulitsa awa Loweruka linalo tikaonere kanema ku tauni."

Kanema! Ku tauni! Ine sindinapiteko chibadwire.

Anabwera kasitomala wina, Rafaeli anatembenuka. Sanandiuze chilichonse, imvani bwino, sanandipemphe. Ndinaika chingwe kukamwa, ndinamasula mfundo ya Che Majidi ndi mano, ndinamanga ina zala zinayi m'munsi. Mumtima ndinkati, aaa, kachidutswa aka, galimoto yonse ija ingadziwe?

"Tayezaninso, mwina ndinagwira molakwika."

Anayeza. Anayang'ana chingwe chonyowa malovu, anandiyang'ana ine, anamwetulira n'kampata kake kaja. Anandigulira Fanta. Wofunda, ngakhale wozizira sanali.

Za penti watsopano sindinafunse n'komwe.

Ndiye patatha milungu itatu ija amayi anandituma mchere mumsika, miyendo inanditengera yokha ku zitsulo. Pa benchi ya Rafaeli, pakati penipeni, panali jeke yofiira. Ndinaidziwa, chogwirira chake n'chokulunga ndi mphira.

"Iyi mwaitenga kuti?"

"Mdala Majidi. Wabwera dzulo ndi masipanala omwe, akuti akubwerera kwawo ku Ntaja, tauni yamukana. Ndamugula motchipa zedi."

"Rafaeli, inu mukudziwa kuti iwo sanalakwe."

"Ine? Ine ndinagulitsa zofanana ndi chingwe, sisi. Chingwe munabwera nacho ndinu."

Ndipo sanname. Ndicho chinandipweteka. Ndili chiimire anafika mtsikana wina mwana ali kumbuyo, anaika kontena ya chakudya pa benchi n'kuti, "Bambo a Clara, sopo watha kunyumba." Hehede! Kanema uja ndinamuonera pomwepo, waulere.

6

Mchere sindinagule. Ndinathamangira kwa Che Majidi, ndinawapeza pakhonde akumanga mabuku awo m'katoni.

"Ankolo, munadziwa."

"Khala pansi, ukupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu." Anapitiriza kumanga. "Mfundo yanga ndi ya amalinyero, ndinaiphunzira ku njanji, siitsetsereka. Yako inali yomangira thumba la ufa. Ndipo pomwe panali yanga panatsala chala changa cha girisi."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Bambo ako akakwiya saganiza. Akanakuchotsa sukulu tsiku lomwelo n'kukutumiza kumudzi. Ndinati ine ndine wamkulu, dzina langa lipirira." Anaseka pang'ono. "Ndinaliyeza molakwika dzinalo. Kumeneko kokha ndiye ndinalakwitsadi kuyeza."

"Musapite, ankolo."

"Basi ndi ya Lachitatu, mwanangu. Usadzivute. Ukhoze mayeso basi."

Mawa lake m'mawa adadi anali kumeta ndevu panja, kagalasi atakakoleka pa msomali. Ndinagwada patali ndithu, poti lamba anali pafupi. Ndinanena zonse, Rafaeli, kanema, mano, Fanta. Lezala linaima pa tsaya. Sanandimenye. Bola akanandimenya.

"Vala nsapato."

Tinayenda kuchoka kwa Goliyo mpaka pa Chinseu, iwo kutsogolo, tsaya limodzi lometa linalo lili ndi thovu. Palibe anayerekeza kuseka. Anatuma munthu kukaitana Che Majidi, anaima pansi pa mango pomwe paja, madalaivala aja ali pa benchi yawo.

"Anthuni, tsiku lija ndinamunamizira munthuyu. Chingwe chake chinali bwino. Ndine... ndine ndinachisokoneza kunyumba."

Mwamva? Nawonso ankafuna kundibisa! Amuna awiri akuluakulu, aliyense kunyamula manyazi anga ngati thumba la mbatatesi, ine n'kumangoyenda manja lendelende. Ndipo ndinaona nkhope za madalaivala, sankakhulupirira. Wina ananong'ona kuti akungofuna kumukonzera mnzake.

"Ayi adadi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa mphaka, ndiye ndinabwereza mokweza. "Ndine. Ndinamasula mfundo ndi mano kuti ndigule kwa mnyamata amene ndinkamufuna. Ankolo anadziwa tsiku lomwelo koma anandibisa."

Wina anafunsa, "Anakupatsa chiyani mnyamatayo?"

"Fanta."

Chinseu yense anagwa ndi phwete. Wogulitsa chimanga mpaka anakhala pansi. Ine nkhope inkayaka ngati mbaula.

Adadi sanaseke. Anavula chipewa.

"Majidi, mbale wanga, ndikhululukire."

"Mwanayu ndinamukhululukira tsiku lomwelo, ndi mwana," Che Majidi anayankha motsitsa, koma aliyense anamva. "Koma iwe, Ambrosi. Zaka makumi atatu. Nyumba yanga ukuidziwa, ukanabwera n'kutseka chitseko n'kundifunsa. Unasankha pamsewu, ine ndikuchokera kokaika mbale wanga."

Kenako Che Majidi anaonjezera:

"Galimoto ibweretse, ndikonza. Zinazo undipatse nthawi."

Lachitatu sanakwere basi. Adadi anagulitsa wailesi yathu n'kukawombola jeke ndi masipanala. Chesesi inawotcheredwa, paipi ya buleki anaika yaitali, ndipo mashoko ndi adzimbiri aja a mdala Yakobe. Yapita ku Neno kasanu tsopano, osadandaula. Amayi pulasitala anachotsa, koma mtondo sakuutha, wosinja ndine tsiku lililonse ndipo sindiyankha. Sukulu sanandichotse. Ku Ndirande konse dzina langa ndi Fanta, ngakhale aphunzitsi a Masamu. Ndikamva ndimaseka nawo, nditani nanga.

Koma Che Majidi kunyumba kwathu sanapondebe. Adadi akapita ku galaja amalandiridwa bwino, amapatsidwa mpando, n'kumatchedwa "a Ambrosi". Kale anali "iwe". Akabwerako amangokhala pakhonde okha, ndipo ine ndimadziwa kuti ndinadula chiyani ndi mano angawa.

Inu owerenga, malangizo a chikondi sindikupatsani, mwaona nokha kuti ndine mbuli. Ndingoti, munthu wodziwa ntchito akakupatsani muyezo, musaukonze kuti ugwirizane ndi zimene mtima wanu ukufuna kugula. Ndipo wina akakhala chete kuti akutetezeni, musamayese kuti sizikumupweteka, mungofunika kuyang'ana pa galaja yake.

Akonzi a nyuzipepala, anthu amasintha maina m'nkhani zotere, koma chonde la Che Majidi musalisinthe, ndalisiya dala. Bodza lija linafika mpaka ku Bangwe ndi ku Chilomoni, pomwe zoona zake zinangomveka pa Chinseu, ndipo makasitomala abwerera theka lokha. Ndiye ngati muli ndi galimoto yofuna kukweza, kapena munachotsa yanu pa mzere mwezi uja, bambo a pikapu yoyera ndikunena inu, kwerani basi ya ku Ndirande, mutsike pa Chinseu, mufunse pa mango. Munthuyo amatha kuyeza. Amene sankatha ndine.